Zomba ili kumwamba

Lachinayi. Magetsi anathima dzuwa litangolowa, ndiye titadya nsima tinayala mphasa pabwalo. Kuno ku Area 25 kukachita mdima chonchi nyenyezi zimaoneka ngati tili kumudzi. Amalume, amene abwera dzana kuchokera ku Zomba, anali pampando wawo akudandaula za fumbi la Lilongwe, monga mwa masiku onse.

Mwana wanga wamkazi anafunsa ngati zonse zili kumwambazo ndi nyenyezi. Ndinamuuza kuti kulinso miyala ikuluikulu yozungulira dzuwa, yambiri ili pakati pa mapulaneti a Mars ndi Jupiter, koma pafupifupi yonse ndi maso okha simungaione. Woyamba, Ceres, anaupeza Giuseppe Piazzi ku Palermo pa 1 January 1801. Kenako ndinatembenukira kwa amalume: "Amalume, mukudziwa kuti kumwambaku kuli mwala dzina lake Zomba?"

Anati ndisawaseke, iwo si mwana.

Komatu ndi zoona. Nambala yake ndi 1468. Anaupeza Cyril Jackson mu 1938, akugwira ntchito ku Union Observatory ku Johannesburg. Bamboyu anapeza miyala 72, ndipo yambiri anaipatsa mayina a malo a kuno kwathu ku Africa: Beira, Limpopo, Kenya, Uganda. Nthawi imeneyo likulu la Nyasaland linali Zomba.

Chimene chimandigwira mtima ndi kagwiridwe ka ntchitoyo. Kunalibe kompyuta. Ankajambula thambo pa magalasi usiku wonse, makina akutsatira nyenyezi pang'onopang'ono. Kukacha n'kuyamba kufufuza galasilo. Nyenyezi zimatuluka ngati timadontho, koma mwala, poti ukuyenda, umasiya kamzere kakang'ono ngati pokanda chikhadabo. Munthu n'kumafunafuna kamzere kameneko pakati pa timadontho tosawerengeka, ngati mayi akutola timiyala mu mpunga. Ine kuwerenga malisiti a kuntchito kokha maso amalira.

Amalume anakhala chete kanthawi, mutu uli chagada. Kenako anati, "Likulu munatilanda mu 1975, ma ofesi onse n'kusamutsa. Chimenecho ndiye mukachisamutse tione."

Mwana anaseka mpaka kutsamwa. Anafuna kuti ndimulozere pamene Zomba ili, ine n'kumuuza kuti pafunika makina amphamvu oonera kutali. Amalume sanamve zimenezo. Analoza nyenyezi yowala kwambiri pamwamba pa mtengo wa mango wa aneba, n'kunena kuti ndi imeneyo, akuizindikira. Sindinawatsutse.

Magetsi abwera cha m'ma 10, iwo akadali panja.