Agogo pa benchi

Kwa masabata asanu tsopano, Loweruka lililonse timakumana pa Zoom ndi ophunzira anzathu a ku Japan ndi ku Zimbabwe, kukambirana za umoyo wa maganizo. Ife timayamba 10 koloko m'mawa, anzathu ku Tokyo ili kale 5 koloko madzulo.

Mtsikana wina anatiuza za shinrin-yoku, kuyenda pang'onopang'ono m'nkhalango kuti mtima ukhale m'malo. Dzinali linayamba ku Japan mu 1982. Ine ndinangoti kukamwa yasaa, ndikuganiza za matumba a makala amene timawaona pa njinga tsiku ndi tsiku.

Koma imene yandigwira mtima ndi Friendship Bench ya Dr. Dixon Chibanda ku Harare. Agogo aakazi amaphunzitsidwa, n'kumakhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu amene akuvutika ndi "kufungisisa", kutanthauza kuganiza kwambiri.

Usiku wa tsiku limene ndinamva za benchiyi ndinawaimbira agogo anga ku Ntcheu. Ndinawaululira zimene ndakhala ndikubisa chiyambire temu ino, zoti tulo sindikutiona. Sanandikalipire ayi. Anangoti, "Mdzukulu wanga, tabwera tidzacheze pansi pa mango paja."

Lachisanu ndikukwera minibasi.