Homuweki yoyamba: kafunseni agogo za chule

Chaka chilichonse ophunzira anga atsopano amalowa m'kalasi atatsegula kale makope, kudikira manotsi. Ine ndimawatuma kunyumba. Ndimawauza kuti apeze munthu amene anavotapo nthawi ya chipani chimodzi muno mu Zambia, akhale naye pansi, amufunse m'chilankhulo chake mmene zinkakhalira. Ena amadandaula kuti anabwera kudzaphunzira sayansi ya ndale, osati nthano za okalamba.

Chaka chatha mtsikana wina anabwera ndi mawu a agogo ake a ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka, atawajambula pafoni. Tinaika foniyo patebulo, kalasi yonse zii. Agogowo anafotokoza za pepala lovotera pulezidenti lopanda wopikisana naye: chiwombankhanga chinkaimira "inde" kwa Pulezidenti Kenneth Kaunda, chule n'kumaimira "ayi". Iwo mu 1988 anachonga pa chule chifukwa chotopa ndi mizere ya ufa, koma sanauze ngakhale amuna awo, poti pa msika ankagulitsa ndi khadi la UNIP, chipani cholamula cha Kaunda. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa kuti, nanga ngati anthu ankaopa chonchi, ofufuza angadziwe bwanji zimene ovota ankaganizadi? Funso limenelo ndi limene ndakhala ndikulimbana nalo moyo wanga wonse wa ntchito, ndipo iye analipeza yekha sabata yachiwiri.

Ine ndale zinandipeza ndili chaka choyamba ku yunivesite ya Zambia (UNZA), pa Great East Road ku Lusaka. Mu June 1990 mtengo wa ufa unakwera kwambiri, ophunzira anatuluka, makomboni n'kutsatira, ndipo anthu anafa. Pa 30 June tinamva pawailesi msilikali Mwamba Luchembe akulengeza kuti asilikali atenga boma, zimene zinatha m'maola ochepa chabe. Pa chisankho cha zipani zambiri cha pa 31 October 1991, chipani chotsutsa cha MMD chinatenga mipando 125 mwa 150 ya nyumba ya malamulo. Koma kwathu kum'mawa mipando yonse 19 inatsala ndi UNIP, ndipo atate anga, munthu wa ku Katete, anakhala masiku angapo osayatsa wailesi. Ndinkafuna kumvetsa chifukwa chake anthu a dziko limodzi, odya nsima ya mtengo umodzi, ankavota mosiyana. Digiri yachiwiri ndi yachitatu zonse zinatuluka m'funso limeneli.

Zambia yachotsa chipani cholamula kudzera m'mavoti katatu: 1991, 2011 ndi 2021. Anzanga ambiri amalemba za mapulezidenti ndi makhoti, ndipo ntchito yawo ndimailemekeza. Ine mtima wanga uli pansi, pa kansala, pa tcheyamani wa msika, pa amene amagawa malo oimikapo minibasi. Munthu wa ku komboni ya Chawama boma amakumana nalo pamenepo, osati ku State House. Masiku ano ndikutsata ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'makonsitichuwense, zimene mu bajeti ya 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Ndalama zikachuluka chotero, mpando wa m'komiti ya chitukuko ya wadi, umene kale anthu ankaukana, umasanduka wolimbirana. Ndani amalowamo, ndipo amamvera ndani?

M'kalasi ndili ndi lamulo limodzi lokha: usanatsutse chipani chimene sukuchikonda, uyambe wafotokoza maganizo a ochitsatira mwakuti iwo eni atakumva angavomereze kuti wanena zoona. N'zovuta, makamaka kwa amene anakulira m'nyumba ya chipani chimodzi ngati ine. Za amene ndimavotera sindiwauza, ngakhale amandinyengerera chaka chonse.

Loweruka likubwerali ndikutenga ophunzira asanu ndi mmodzi kukakhala nawo pa msonkhano wa komiti ya wadi. Ndawauza kuti makope akhale m'zikwama mpaka titatuluka, ndipo aliyense awerenge mumtima kuti amayi alankhula kangati.