Zikomo kwa anzathu amene mumatiunikira kapamba

Ife amene timachita maopaleshoni a kapamba tikutseka chaka chimene odwala anachuluka manja n'kuchepa, ndipo tafuna kuthokoza poyera anzathu ojambula, madokotala owerenga zithunzi, anamwino ndi a ku labotale. Odwala ambiri sakudziwani, koma zoti munthu alowe m'fiyeta kapena asiyidwe zimayambira kwa inu.

Kapamba anabisala kuseri kwa chifu, moti ultrasound, kuunika m'thupi ndi mafunde a phokoso, nthawi zambiri imatchingidwa ndi mpweya wa m'matumbo. N'chifukwa chake timadalira CT, makina a X-ray ojambula m'kati mwa thupi chigawo ndi chigawo, ndipo ojambulanu ndi amene mumasenza ntchito yaikulu. Wodwala mumamumwetsa madzi wamba, osati mankhwala owala aja amene amasokoneza maonekedwe a mitsempha. Mumasankha mtsempha wabwino kuti mankhwala owalitsa alowe mamililita 3 mpaka 5 pa sekondi. Mumajambula pakati pa masekondi 40 ndi 50 mankhwalawo atayamba kulowa, kapamba atawala kwambiri, n'kubwereza cha pa masekondi 70 kuti chiwindi ndi mitsempha yopita kumeneko zioneke. Khansa yofala ya kapamba imamwa mankhwalawo pang'onopang'ono, choncho pa nthawi yoyambayo imaoneka yodera pakati pa mnofu wowala. Nthawiyo ikaphonyedwa, mnofu wabwino umayamba kuzilala, chotupa n'kufanana nawo, ndipo ngati n'chaching'ono chimasowa chili pomwepo. Tikuthokozanso kuti mumaumirira zoti CT ichitike kachubu kotsegula njira ya ndulu kasanaikidwe, chifukwa kachubuko kamaononga chithunzi, ndiponso kukaika kumatha kutupitsa kapamba mpaka malire a chotupa osadziwikanso.

Madokotala owerenga zithunzi, zikomo chifukwa simutseka nkhani chotupa chikapanda kuoneka. Pali khansa zina zimene zimawala chimodzimodzi ndi mnofu wozungulira, ndipo inu mumazigwira ndi zizindikiro za m'mbali: njira ya madzi a kapamba yaduka mwadzidzidzi, kumtunda kwake yafutukuka, mnofu wakumeneko wafota, kapena njirayi ndi ya ndulu zafutukuka zonse ziwiri. Mumatilemberanso ngati chotupa chakuta mtsempha waukulu kupitirira madigiri 180, kutanthauza kuuzungulira kupitirira theka, ndipo mzere umodzi umenewu umatha kusintha dongosolo lonse, wodwala n'kuyamba ndi mankhwala a khansa m'malo mwa opaleshoni.

Chimene timayamikira koposa ndi pamene mwatigwira dzanja kuti tisathamangire mpeni. Opaleshoni ya Whipple si yamasewera: timachotsa mutu wa kapamba, chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, ndulu ndi gawo la njira yake. Komatu pali matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira kapamba, munthu n'kuchita chikasu n'kuonda ndithu ngati wa khansa. Pa chithunzi kapamba yense amafufuma mosalala, nthawi zina ndi kamzere kodera m'mphepete. Mukaona zotero mumati tiyeze IgG4, puloteni ya chitetezo cha thupi, m'magazi, ndipo matendawa amamva mankhwala a steroid popanda mpeni. Pa MRCP, chithunzi cha makina a maginito (MRI) choonetsa njira za ndulu ndi kapamba, njira ya madzi ikamadutsa m'kati mwa chotupa osatsekeka, mumatikumbutsa kuti mwina ndi kutupa chabe.

Zotupa zamadzi ndiye zimadya nthawi. China chimakhala ndi timatumba tambirimbiri ngati zisa za njuchi, ndi chipsera pakati. Chimenechi pafupifupi nthawi zonse sichisanduka khansa, ndipo ngati sichikuvutitsa timachisiya. Zokhala ndi madzi onanda ndi zimene zimafuna maso, makamaka mtundu wotchedwa IPMN umene umalumikizana ndi njira ya madzi a kapamba. Apa muyeso wanu ndi umene umalamula. Njira yaikulu ikafika mamilimita 5 mpaka 9, kapena chotupa chikafika masentimita 3, timaunikanso mozama. Njirayo ikafika mamilimita 10, kapena pakhoma la chotupa pakamera kanthu kowala ka mamilimita 5 kupita m'tsogolo, timayamba kukamba za opaleshoni. Zikomo kuti mumafunsa kaye ngati wodwala anatupapo kapamba, poti madzi otsalira pambuyo pa kutupako amanamiza, ndiponso kuti mumafukula zithunzi zakale n'kuyeza pamalo omwewo.

A gulu la EUS, ounika ndi ultrasound kuchokera m'kati mwa thupi, inu mumalowetsa kachipangizo kudzera pakamwa mpaka m'chifu ndi m'matumbo, n'kubaya chotupa ndi singano yopyapyala ya nambala 22 kapena 25. Madzi otengedwa ndi singanoyo akaonetsa puloteni yotchedwa CEA yoposa 192 ng/mL kapena shuga wotsika kwambiri, timaganizira chotupa cha madzi onanda. A ku labotale, timakulemekezani chifukwa kanyama kakachepa mumanena mosabisa kuti sikakukwanira, m'malo molemba kuti kulibe khansa. Singano imatha kugwera pa mnofu wouma wozungulira khansa n'kubwera opanda kanthu. Nayo CA 19-9, yomwe imayezedwa m'magazi pofufuza khansa, mumatichenjeza kuti tisaikhulupirire yokha, poti imakwera njira ya ndulu ikangotsekeka, ndipo anthu ena matupi awo saipanga n'komwe.

Anamwino, inu mumaona za impso mankhwala owalitsa asanalowe, mumafunsa za zitsulo za m'thupi munthu asanalowe mu MRI, ndipo mumaphunzitsa wodwala wamantha kugwira mpweya kuti chithunzi chisagwedezeke. Zikomo kwambiri nonsenu, Mulungu akupatseni mphamvu m'chaka chikubwerachi.