Kulowa mu Johannesburg ndi ndege yaing'ono: bwalo liti, tchanelo chiti

Ulendo wolowa mu Johannesburg ndi kandege konga Cessna 172 ndimaukonza madzulo a tsiku loti mawa ndinyamuka, nditayala mapu a mumlengalenga patebulo. Choyamba ndimadzifunsa komwe ndikupita ndikatsika m'ndegemo, chifukwa mzindawu ndi wotambalala ndipo misewu yake imadzaza. Mutha kupulumutsa mphindi khumi mumlengalenga n'kukazitaya zonse, ndi ola lina pamwamba, pamsewu wa N1.

OR Tambo ndimalichotseratu pamndandanda. Ndi bwalo la ndege zikuluzikulu, ndalama zoterera ndi zambiri, ndipo kandege kothamanga pang'ono kamangosokoneza mzere. Amatsala ndi anayi: Lanseria kumpoto chakumadzulo, Grand Central ku Midrand, Rand ku Germiston, ndi Wonderboom kumpoto kwa Pretoria.

Ngati mukuchokera kunja kwa South Africa, kaya ku Chileka kapena ku Lilongwe, chisankho chachepa kale. Muyenera kuyamba kutera pabwalo lomwe lili ndi a zolowa ndi kutuluka komanso a kasitomu, ndipo mwa anayiwa ndi Lanseria lokha. Ine ndimakonda kudinditsa pasipoti ku Polokwane, kuthira mafuta komweko, kenako n'kulowa mu Gauteng, chigawo chomwe muli Johannesburg ndi Pretoria, ngati ulendo wa m'dziko momwemo, nditamasuka kutera paliponse.

Wa ntchito ku Sandton kapena pakati pa Pretoria ndimamuuza za Grand Central, chifukwa siteshoni ya sitima yothamanga ya Gautrain ya ku Midrand ili pafupi. Rand ndi la amene akupita kum'mwera ndi kum'mawa kwa mzinda. Ndi bwalo lakale, la m'chaka cha 1931, ndipo ma Boeing 747 opuma ntchito a kunyumba yosungira mbiri ya South African Airways amaoneka patali mukamatsika. Koma Rand ndimaliopa pang'ono nthawi yotentha, ndipo apa mpomwe ndimakhalitsa ndi pensulo.

Bwaloli lili pamtunda wa mafiti pafupifupi 5,480 kuchokera panyanja yamchere. Yerekezani ndi Chileka, pafupifupi mafiti 2,550, kapena bwalo la Kamuzu, mafiti 4,000 ndi pang'ono. Masana a mu Disembala kukatentha kufika madigiri 30, mpweya umapyapyala moti ndege imachita ngati ili pamafiti oposa 8,500. Injini yopanda turbo, chipangizo chopanikizira mpweya mu injini, imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lapita musanayambe n'komwe kuthamanga. Kutera si vuto kwenikweni. Vuto limabwera ponyamuka, mutakweza anthu atatu ndi zikwama, matanki ali odzaza. Ndikaona kuti ndidzatuluka wolemera chotero, ndimasankha Lanseria: ndi lotsikirako ndi mafiti pafupifupi 1,000, ndipo msewu wake wonyamukira, 07/25, ndi wa makilomita atatu. Kuli konseko, pobwerera ndimanyamuka m'mawa, mabingu a masana a ku Highveld, dera lokwera komwe kuli Johannesburg, asanayambe, ndipo mixture, kuchuluka kwa mafuta osakanikirana ndi mpweya mu injini, ndimaichepetsa ndisanathamange kuti injini ipereke zonse zomwe ili nazo.

Bwalo likadziwika, matchanelo a wayilesi amadzisanja okha. Ndimawalemba pakapepala ka pabondo motsatira mmene ndidzawafunire, osati motsatira zilembo. Manambala ndimawatenga mu AIP, buku la boma la malangizo a zandege, ndi m'ma NOTAM, zidziwitso za kwa oyendetsa ndege, a tsikulo, chifukwa amasinthidwa, ndipo kabuku kachaka chatha kangakunamizeni mosachita manyazi.

Pochokera ku Polokwane kupita ku Lanseria, kapepalako kamayenda motere. Ndikatuluka m'dera la nsanja ya oyang'anira ndege ya Polokwane, ngati ndili m'munsi ndimakhala pa 124.8, pomwe oyendetsa ndege amauzana okha komwe ali. Ndikadutsa Bela-Bela ndimakhala nditaika kale tchanelo chotsatira pa standby, chongodikira kudina batani. Kutsogoloko kuli dera la malamulo apadera la Johannesburg, lomwe aliyense amangolitchula kuti Special Rules. Analigawa patatu: kum'mawa 125.4, kum'mwera 125.6, kumadzulo 125.8. Ine wolowera ku damu la Hartbeespoort ndimatenga 125.8.

Dera limeneli n'lothina. Pamwamba pake pali TMA ya Johannesburg, dera loyang'aniridwa la ndege zikuluzikulu, yoyambira pa mafiti 7,600, yomwe simungalowe popanda chilolezo. Pansi pali nthaka yomwe ili kale pa mafiti pafupifupi 4,000 mpaka kuyandikira 6,000, kuphatikizapo nsanja ya Hillbrow ya mamita 269. Ndege zonse zazing'ono, za ophunzira ndi ma helikopita zimapanikizana m'kampata kameneka ngati minibasi pa Chipembere Highway nthawi yoweruka. N'chifukwa chake anakonza kuti wopita kumpoto akhale pa mafiti 7,500, wopita kum'mwera pa 7,000. Ndimatsikira pa 7,000 ndisanafike m'malire, ndimayatsa nyali zoterera, transponder, kachipangizo koonetsa ndege pa radar ya oyang'anira, ili pa nambala 2000 ngati sanandipatse nambala ina. Amene ali pa 7,500 akumbukire kuti mafiti 100 okha ndiwo akumulekanitsa ndi dera la ndege zikuluzikulu, ndipo mphepo yotentha ya masana imatha kumukweza mafiti amenewo akuyang'ana pa mapu.

Pa 125.8 palibe woyang'anira. Palibe amene adzakuuzeni kuti khotani, kuli mnzanu kumanjako. Mumangolengeza kwa onse, m'Chingelezi: ndinu ndani, ndege yamtundu wanji, muli pati, pamtunda wanji, mukulowera kuti. Ndimayamba ndamvetsera kaye kwa mphindi imodzi ndisanadine batani, kuti ndidziwe amene ali pa damupo, ndipo ndikalankhula ndimafupikitsa. Loweruka m'mawa tchanelochi chimadzaza, ndipo amene amafotokoza mbiri yonse ya ulendo wake amatsekereza anzake awiri omwe mwina akuyandikana. Malo ndimatchula omwe aliyense akuwaona, monga khoma la damu kapena mapiri a Magaliesberg. Kum'mwera chakum'mawa kwa damuli kuli Pelindaba, malo a zanyukiliya oletsedwa kuuluka pamwamba pake, ndiye ndimalizungulira bwinobwino ngakhale GPS ikundikokera mzere wowongoka.

Pa wayilesi yachiwiri ndimamvera ATIS ya Lanseria, uthenga wojambulidwa wonena za nyengo ndi bwalo, n'kulemba chilembo chozindikiritsa uthengawo, QNH (nambala yotcherera chida choyezera kutalika kwa ndege), mphepo ndi mbali ya msewu yomwe ikugwira ntchito. Kenako ndimatsanzika pa 125.8 n'kuitana nsanja pa 124.0 ndidakali kunja kwa dera lake. Lanseria kumatera ma Boeing 737 onyamula anthu, kotero akhoza kukuuzani kuti dikirani kunja kapena zungulirani pomwe mulipo. Mafuta a kudikira kumeneko ndimawawerengera kale ku Polokwane. Chilichonse chokhudza chilolezo, QNH, msewu woterera ndi pomwe muime mumabwereza liwu ndi liwu. Ngati sindinamve, ndimapempha abwerezenso. Oyang'anira amalankhula mofulumira, koma wopempha kubwereza savuta ngati wongoyankha kuti wamva.

Mukasankha Grand Central, nsanja yake ndi 122.8, Rand ndi 118.7. Onse awiri ali pafupi kwambiri ndi dera la OR Tambo, ndipo kumpoto kwa Grand Central kuli mabwalo a asilikali a Waterkloof ndi Swartkop. Kumeneko simutambasula njira yozungulirira bwalo momwe mungafunire.

Pansi penipeni pa kapepala ndimalemba 121.5, ya pangozi, ndi 7600, nambala ya pa transponder yonena kuti wayilesi yafa. Ndimalembanso nambala ya foni ya nsanja, chifukwa pamtunda wa mafiti 7,000 pamwamba pa Gauteng netiweki nthawi zambiri imagwira. Ndikatera n'kupatuka pamsewu, nsanja imanditumiza ku tchanelo cha pansi, ndipo chithunzi cha tinjira ta bwalo chimakhala chili kale pabondo, popeza Lanseria ili ndi mahang'ala ambiri ofanana ndipo woyang'anira amafuna kumva dzina la komwe mukukaimika ndege.