Chigwa cha Shire mukachionera m'mwamba

Potsika chitunda cha Thabwa kuchokera ku Blantyre, imani pamakhota oyambirira cha m'ma 6 koloko m'mawa. Nthawi imeneyi Shire amanyezimira bwino m'chigwamo. Ikakwana 10 koloko, makamaka mu September ndi October, utsi wa moto wa m'tchire ndi wa nzimbe zotenthedwa umakuta chigwa chonse, zithunzi n'kumatuluka zotuwa mbuu.

Ku Chikwawa musaulutsire droni, kandege kopanda munthu kojambulira zithunzi, pa mlatho wa Kamuzu. Zitsulo zake zimasokoneza kampasi, droni n'kuyamba kuyenda chammbali. Tsikirani kumchenga, koma yalani kaye mphasa, chifukwa mchenga ukalowa m'mamota ulendo wathera pomwepo. Chilolezo cha oyang'anira za ndege chikhale m'thumba, ndipo kaonekereni kwa amfumu musanaulutse pamwamba pa mudzi kapena manda. Ku Majete ndi ku Lengwe musayerekeze popanda chilolezo cha oyang'anira nkhalangozo.

Mdani wamkulu kuno ndi kutentha. Kukamayandikira mvula kumapitirira madigiri 40, pomwe madroni ang'onoang'ono ambiri amalekezera. Tengani mabatire anayi, lililonse muliwerengere mphindi 20, ndipo terani likafika pa 30 peresenti. Batire losiyidwa m'galimoto yotseka limafufuma. Lidikireni lizizire musanalitchaje.

Ku Nchalo minda ya nzimbe yothiriridwa mozungulira imaoneka ngati malichero oyalidwa pabwalo. Koma pomwe pamakoka mtima ndi ku dambo la Elephant Marsh, lomwe linalowa m'gulu la Ramsar, la madambo ofunika padziko lonse, mu 2017. Lozetsani kamera pansi penipeni, pa madigiri 90. Bwato la msodzi limasiya kamzere kakuda pakati pa namasupuni, madimba a chimanga ndi mbatata ali timizeretimizere m'mphepete mwa madzi. Valikani fyuluta yochotsa kunyezimira, jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yajambula. Nkhwazi ikayamba kuzungulira droni, kwezani droniyo msanga. Mukaithawitsa chammbali imaipeza.

Chimandiwawa n'chakuti zithunzi zam'mwamba za chigwa chino zimafunidwa pakagwa tsoka basi. Madzi atasefukira mu 2015, komanso namondwe wa Freddy atawomba mu 2023, zithunzi za Nsanje ndi Chikwawa zinali ponseponse m'malipoti, kawirikawiri popanda dzina la wojambula. Ukapita nazo kwa okonza zionetsero za luso umamva kuti wajambula ndi makina, osati munthu. Chonsecho katswiri wojambula zithunzi Nadar anajambula ali m'baluni ku France mu 1858, ndipo kuyambira kalelo wosankha ola, kutalika ndi pothera chithunzi amakhala munthu.

Amene akufuna kuti ntchito yake ipachikidwe pakhoma asangoisiya pa Facebook, pomwe chithunzi chimafinyidwa mpaka mabango kusanduka phala. Asankhe zithunzi khumi zokamba nkhani imodzi, mwachitsanzo pomwe Ruo amathira mu Shire ku Chiromo, m'dzinja ndi m'chilimwe. Azisindikize pa pepala la A3 losanyezimira, alembe kuseri dzina lake, malo, tsiku ndi chiwerengero cha makope omwe wasindikiza.