Mmene ndinadutsira maphunziro a masitazi a kasamalidwe ka usodzi

Ndisanafunsire malo pa yunivesite iliyonse, ndinayamba ndafunafuna mphunzitsi woti adzayang'anire kafukufuku wanga, chifukwa pa digiri ya masitazi wokuyang'anira ndiye amadziwa kumene kuli ndalama za kafukufuku, boti ndi zipangizo. Ndinawerenga zimene aphunzitsi angapo anasindikiza, kenako ndinawalembera kalata yaifupi yokhala ndi funso limodzi lokha: kodi nsomba zofika padoko zikugwidwa zitaswanako kale, kapena zikadali zanthete? Mmodzi atavomera, zotsalazo zinali za mapepala basi, monga zikalata za magiredi, makalata a aphunzitsi akale ondichitira umboni ndi ndondomeko ya kafukufuku. Thandizo la ndalama ndinalifunsira nthawi yomweyo, popeza tsiku lake lotsekera nthawi zambiri limafika msanga kuposa la malo.

Miyezi yoyambirira inathera pa masamu, ndipo amene akuganiza kuti adzakhalira kusambira ndi nsomba adziwiretu zimenezi. Nsomba za m'nyanja siziwerengeka ndi maso, choncho kuchuluka kwake timakuyerekeza kuchokera ku zimene asodzi agwira ndi mphamvu imene alowetsapo. Tinaphunzira njira ya Schaefer ya mu 1954 yopezera mlingo waukulu wa nsomba zimene zingagwidwe chaka ndi chaka mtundu wake osatha, komanso ya Beverton ndi Holt ya mu 1957, zonsezo pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa R. Phunziro limene linandikhudza kwambiri linali la nsomba za cod ku Newfoundland, m'dziko la Canada. Zombo zinkabwerabe zodzaza chifukwa nsomba zotsalazo zinkaunjikana pamodzi ndipo makina ankazipeza mosavuta, motero ziwerengero zinkaoneka zabwino pamene nsombazo zinali kutha. Boma la Canada litaletsa usodziwo mu 1992, anthu pafupifupi 30,000 anasowa ntchito. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira chiwerengero ndisanafunse mmene chinapezekera. Tinaphunziranso malamulo, makamaka pangano la United Nations la mu 1982 limene limapatsa dziko ulamuliro pa nsomba mpaka mamailosi a panyanja 200 kuchokera kugombe, ndi mfundo za usodzi wodalirika zimene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linakhazikitsa mu 1995.

Kafukufuku weniweni anadikira zilolezo ziwiri, cha nthambi ya boma yoona za usodzi ndi cha komiti ya payunivesite yoonetsetsa kuti anthu ofunsidwa mafunso akulemekezedwa. Zitatuluka, ndinkafika padoko kusanache, nditanyamula thabwa loyezera utali, sikelo ndi mapepala osalowa madzi. Nsomba iliyonse ndinkaiyeza, kuitumbula kuti ndione ngati mazira akhwima, kenako n'kudula mutu kuti ndichotse timiyala tiwiri ta m'khutu totchedwa otolith. Mu labotale kamwala kotere timakacheka mopyapyala n'kukaika pa maikulosikopu, ndipo mizere yake imaoneka ngati ya pachitsa cha mtengo, uliwonse kuimira chaka. Ntchitoyi imawawitsa maso, komabe ndiyo imasonyeza msinkhu umene nsomba imayambira kuswana, ndipo pa msinkhu umenewo m'pamene pamachokera lamulo la kukula kwa maso a ukonde.

Chovuta koposa chinali choti asodzi andikhulupirire. Munthu wachilendo wolemba manambala amamuona ngati kazitape wa boma, ndipo sindingawadzudzule asodziwo, chifukwa nthawi zambiri pambuyo pa manambala pamabwera chiletso. Ndinayamba ndakumana ndi atsogoleri awo, ndinawafotokozera kumene ziwerengerozo zikupita, ndipo ndinkayeza mofulumira kuti malonda asachedwe. Iwo ndiwo anandiuza malo ndi miyezi imene nsomba zimaswana. Elinor Ostrom, katswiri wofufuza wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anasonyeza kuti anthu odalira chuma cha onse amatha kuchisamala akamatenga nawo mbali popanga malamulo, ndipo ndikuona kuti wophunzira wosalabadira zimenezi amadzalemba malamulo ongokhala papepala.

Kulemba lipoti lalikulu ndi kuliteteza pamaso pa oyesa kunayenda bwino chifukwa ndinkatumiza mutu uliwonse wa lipotilo kwa wondiyang'anira ukangotha. Oyesawo anakakamira pa funso limodzi, loti nsomba zimene ndinayeza zikuimiradi zonse za m'nyanjamo kapena zokhazo zimene ukonde umakola, ndipo ndinayankha posonyeza poyera malire a zimene ndinapeza. Nditamaliza ndinabwerera kudoko kukawauza asodzi zotsatira zake.

Ntchito yanga yoyamba inali ya kontirakiti yaifupi, yokwera zombo n'kumalemba zonse zogwidwa, kuphatikizapo akamba ndi shaki zokodwa mwangozi. Anzanga ena analowa m'boma, ena m'mabungwe oteteza chilengedwe, kumene ntchito yakula chiyambire pamene maiko anagwirizana ku Montreal mu 2022 kuti pofika 2030 ateteze magawo 30 pa 100 alionse a nyanja. Mabungwe a maiko angapo, monga la Indian Ocean Tuna Commission ku Seychelles, amafuna akatswiri oyerekeza kuchuluka kwa nsomba, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ndi digiri ya udokotala, imene ndikukonzekera kufunsira tsopano pogwiritsa ntchito ziwerengero zomwe ndinasonkhanitsa pazombo.