Kodi tai chi angateteze munthu pa ndewu yeniyeni?

Ambiri a ife kuno ku Chigwa cha Shire tinadziwira luso lomenyana la ku China m'nyumba zoonetsera mavidiyo za pa Nchalo ndi pa Ngabu, momwe nkhalamba ya ndevu zambuu inkagwetsa anyamata khumi ndi dzanja limodzi osatuluka n'thukuta lomwe. Luso limene nkhalamba zoterozo zimati zili nalo ndi lija lotchedwa la mkati, lomwe mitundu yake yodziwika ndi tai chi, xingyi ndi bagua, ndipo aphunzitsi ake amati mphamvu sizichokera m'minofu ayi, koma m'kapumidwe, kaimidwe ndi kufewetsa thupi.

Mawu amenewa anayesedwa poyera mu 2017 mumzinda wa Chengdu ku China, pamene Xu Xiaodong, mphunzitsi wa masewera a MMA (ndewu yamasewera yophatikiza nkhonya, mateche ndi kugwetsana), anakumana ndi Wei Lei, yemwe ankadzitcha katswiri wa tai chi. Theka la mphindi lisanathe, Wei Lei anali pansi ataphimba mutu ndi manja, zibakera zikumugwera. Mu 2020 zinachitikanso kwa Ma Baoguo, bambo wa zaka zoposa 60, amene anagwetsedwa katatu m'masekondi 30 ndi munthu yemwe sanali n'komwe katswiri wotchuka.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti lusoli linali lachabe chiyambire. M'zaka za m'ma 1800, amuna ophunzira xingyi ankalembedwa ntchito yolondera katundu wa amalonda m'chigawo cha Shanxi, ndipo mlonda wosadziwa kumenya sakanakhalitsa pa misewu ya achifwamba. Zinthu zinatembenuka pambuyo pake, makamaka mu 1956 pamene boma la China linakonza tai chi wachidule wa mayendedwe 24 kuti anthu wamba azilimbitsira thupi, ndipo ameneyu ndiye anafala padziko lonse.

Chimene chinatayika, monga ndikuonera ine, ndi mdani wokana kugonja. Munthu angaphunzire kagwiridwe ka nkhafi atakhala m'bwato pamchenga, n'kumapalasa mokongola ndithu, koma Shire akadzaza m'mwezi wa February amafuna amene anazolowera kukankhidwa ndi madzi. Wophunzira amene wakhala zaka akuyendetsa manja pang'onopang'ono m'malere sadziwa kuyeza mtunda wa pakati pa iye ndi mnzake, sadziwa kuti chibakera chikatera pamphuno maso amadzaza misozi, ndiponso sadziwa kuti mantha amatha mpweya msanga kuposa kuthamanga. Alipo masewera okankhana otchedwa tuishou, amene amaphunzitsadi kumva kumene kulemera kwa mnzako kwapendekera n'kumugwetsa, koma kawirikawiri awiriwo amayamba atagundanitsa kale mikono, ndipo palibe amene amaponya nkhonya kumaso. Chigawenga chokudikirira panjira ya m'minda ya nzimbe sichikupatsa mkono kuti muyambire pamenepo.

Kwa agogo athu nkhani ndi ina, chifukwa kafukufuku wa zachipatala waonetsa kuti tai chi amathandiza okalamba kuima molimba ndi kuchepetsa kugwa, ndipo poti sathamangitsa magazi kwambiri, angachitike m'mamawa pansi pa mtengo dzuwa la kuno lisanayambe kuwotcha. Mnyamata wofuna kudziteteza ndingamutumize ku nkhonya, ku judo kapena ku sanda (masewera a ku China a nkhonya ndi mateche), komwe amavala magolovesi kapena kugwirana n'kulimbana zenizeni sabata ndi sabata. Zhang Weili, mayi wa ku China amene anatenga lamba wa UFC (bungwe lalikulu la mipikisano ya MMA) mu 2019, anadzera ku sanda asanalowe MMA.